Mphunzitsi Wachilendo pa Chilumba: Amene Anachoka ndi Amene Anakhala

(Awa ndi mawu amene mmodzi mwa mamembala athu, yemwe akugwira ntchito m'boma ku Lilongwe, analankhula pa msonkhano wa pachaka wa ophunzira akale umene unachitikira ku Likoma. Tawasindikiza monga momwe anawalankhulira.)



Poyamba ndithokoze komiti pondipatsa mpata uwu. Kalata yondiitana itandipeza ku ofesi, ndinaganiza zoti ndidzalankhule za mayeso kapena za msonkhamsonkha wa bungwe lathu, poti ndizo timakonda kukanganirana chaka ndi chaka. Koma nditamva kwa a Mphunzitsi Wamkulu kuti teremu ikubwerayi sukulu yathu ilandira mphunzitsi wa sayansi wochokera kunja kwa dziko lino, ndinasintha maganizo. Pali ngongole imene ndakhala nayo kuyambira m'chaka cha 1997, ndipo lero ndati ndiyambe kuibweza pamaso panu. Nkhani yanga tsono ndi ya mphunzitsi wachilendo: mmene amafikira, zimene amakumana nazo, ndi chimene chimachititsa kuti wina akhazikike pamene mnzake amamanga katundu chaka chisanathe.

Ndisanafike pa ngongole yangayo, ndiloleni ndikukumbutseni mbiri pang'ono, chifukwa m'Malawi muno ndi malo ochepa amene analandira aphunzitsi achilendo kwa nthawi yaitali monga chilumba chathu chino. Amishoni a UMCA anakhazikitsa malo awo pano m'chaka cha 1885, atapempha chilolezo kwa mfumu Chiteji ya kutsidya. Mmodzi mwa iwo anali William Percival Johnson, amene anafika m'mbali mwa nyanja ino mu 1882 pamodzi ndi mnzake Charles Janson. Janson anamwalira chaka chomwecho, ntchito isanayambe n'komwe. Mu 1884 Johnson anadwala maso ali ku Quelimane, pa ulendo wobweretsa sitima ya mishoni, ndipo nthendayo inamusiya akuona movutikira moyo wake wonse. Munthu wina akanati walira mokwana, abwerere kwawo. Iye anabwerera kuno kunyanja, nakhala mpaka imfa yake ku Liuli, m'dziko la Tanzania, mu 1928.

Chimene ndikufuna muone pa bambo ameneyu si kupirira kokha ayi. Anakhala pansi n'kuphunzira chilankhulo kwa makolo athu. Anachiphunzira mpaka anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha kuno, chimene chimati kupya pamene a kumtunda amati kupsa, monga mukumvera m'dzina la Chipyela, pamene pali tchalitchi chathu chachikulu. Baibulo limenelo linatuluka lathunthu mu 1912. Kodi munthu wa maso ovutika angamasulire buku lalikulu chotere payekha? Ayi ndithu. Panali anthu a kuno amene ankakhala naye tsiku ndi tsiku, kumuwongolera lilime, kumuuza kuti mawu awa sitinena choncho. Maina a ambiri a iwo sanalembedwe pa chikuto, koma popanda iwo mlendoyo sakanapita patali.

Tikamanena za aphunzitsi achilendo, maganizo athu amathamangira kwa azungu. Koma ena mwa aphunzitsi oyamba m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ino anali Aafirika anzathu ochokera ku Zanzibar, amene anaomboledwa mu ukapolo n'kuphunzitsidwa pa sukulu ya Kiungani. Wodziwika kwambiri ndi Augustine Ambali, Mzaramo wa ku gombe la Tanzania. Iyeyu anagwidwa ukapolo ali mnyamata, anaomboledwa, anaphunzira, kenaka anabwera kuno ngati mphunzitsi. Anakhala zaka zambiri ku Msumba, kutsidyaku, anadzozedwa unsembe, ndipo analemba buku la moyo wake lotchedwa Thirty Years in Nyasaland. Taganizani, abale anga: munthu wopanda mudzi woti n'kubwererako, wopanda malume, wopanda mlongo, chilankhulo chachilendo, chakudya chachilendo. Khungu lake linali ngati lathu, koma anali mlendo weniweni. Anakhazikika chifukwa anthu a ku Msumba anamulandira, iyenso anavomera kukhala mmodzi wa iwo.

Ndipo nafenso tinatumizapo athu kunja. Leonard Kamungu, wobadwira ku Chia kutsidya kwa nyanja, anadzozedwa unsembe mu 1909, kenaka anapita kukayamba ntchito ku Msoro m'dziko limene tsopano ndi Zambia, ndipo anamwalirira komweko mu 1913. Josiah Mtekateka, mwana wa chilumba chino wobadwa mu 1903, anagwira ntchito zaka zambiri ku Tanganyika asanabwerere kudzakhala bishopu mu 1965, Mmalawi woyamba pa udindo umenewo mu mpingo wa Anglican. Ndani pano amene alibe agogo kapena malume amene anakaphunzitsa kapena kulemba ukalaliki ku Tanganyika, ku Zambia kapena ku Zimbabwe? Ife a ku Likoma uchilendo timaudziwa mbali zonse ziwiri: tinalandira, tinalandiridwanso.

M'masiku a pafupi ndi ufulu wodzilamulira kunabwera mtundu wina wa aphunzitsi, achinyamata odzipereka. A Peace Corps ochokera ku America anayamba kufika m'Malawi mu 1963, a ku Japan anayamba mu 1971, ndipo a VSO ochokera ku Britain nawonso anaphunzitsa m'sukulu zambiri za sekondale. Awa sanabwere kudzakhala moyo wonse monga Johnson. Ambiri amabwera kwa zaka ziwiri. Tsono zaka ziwiri n'zochepa. Ngati miyezi isanu ndi umodzi yoyamba yawonongeka, ntchito yonse yawonongeka. Apa ndi pamene ngongole yanga ikuyambira.

Mu Januwale 1997 ndinali mu Fomu 3. Nthawi imeneyo Likoma linali lisanakhale boma palokha. Tinali pansi pa Nkhata Bay mpaka 1999. Tinali titatha teremu yathunthu opanda mphunzitsi wa sayansi, ndiye titamva kuti kukubwera wina wochokera kutsidya kwa nyanja zamchere, tinakondwa kwambiri. Dzina lawo sinditchula. Ndiziti Bambo a Sayansi. Anafika pa Ilala usiku, mvula ikugwa, mpoto ukuwomba. Inu achikulire mukudziwa mmene zinkakhalira: sitima inkaima pakuya, anthu n'kutsikira m'maboti pamodzi ndi matumba a chimanga, makatoni a sopo ndi nkhuku, kenaka n'kuyenda m'madzi mpaka pamchenga. Bambo aja anatsika nsapato zili kuphazi, chikwama cha mabuku chili pamutu, koma chinanyowabe. Pagombe anthu anali yakaliyakali, aliyense ndi katundu wake. Anaima pamenepo nthawi yaitali asanapezeke wowalondolera njira.

Nyumba imene anafikiramo inali yodontha. M'denga munali mileme. Magetsi kunalibe, koma nyali ya parafini. Nkhuni zinali zogula kwa obwera nazo kuchokera kutsidya, poti monga mukudziwa chilumba chathu chili ndi malambe ndi mango ambiri koma mitengo ya nkhuni n'njochepa. Lamya za m'manja kunalibe. Kalata yopita kwawo inkadikira sitima, imene inkadutsa kamodzi pa sabata popita kumpoto ndi kamodzi pobwerera, ndipo yankho linkatenga mwezi kapena kuposerapo. Mu Malichi anagwidwa malungo. Zonsezi n'zowawa, koma ndikukuuzani kuti si zimene zinawachotsa. Denga lodontha munthu amatchera beseni. Malungo amachizika. Chimene chinawachotsa ndife.

Tsiku loyamba m'kalasi analankhula Chingerezi chothamanga, chotulukira m'mphuno. Ife tinazolowera Chingerezi cha aphunzitsi athu, chomveka liwu ndi liwu. Sitinamve kanthu. Atafunsa ngati tamva, tonse tinayankha kuti inde, chifukwa umo ndi mmene tinaleredwera: mwana sauza wamkulu kuti simukumveka. Iwo anakhulupirira, napitirira. Atatipatsa mayeso oyamba, kalasi yonse inagwa. Iwo anaganiza kuti ndife aulesi ndi onama. Ife tinaganiza kuti iwo ndi onyada. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapita kukawauza kuti, aphunzitsi, chepetsani liwiro, muzilemba pa bolodi, ndipo dziwani kuti inde wathu nthawi zina ndi ulemu chabe.

M'mudzi namo zinali chimodzimodzi. Kwawo munthu amadutsana ndi anthu osawadziwa popanda moni, ndipo si mlandu. Kuno ankayenda kuchokera kusukulu mpaka ku Mbamba mutu uli pansi, kudutsa amayi akusenda chinangwa, kudutsa abambo akusoka chilimira, osapereka moni. Pa chilumba cha makilomita pafupifupi asanu ndi atatu m'litali, mbiri siyenda ndi sitima. Imafika kumpoto dzuwa lisanalowe. Pasanathe mwezi aliyense ankati mzungu wa kusukulu ndi wamatama. Iwo sankadziwa kuti akuweruzidwa.

Koma anazindikira kuti china chake chalakwika, ndipo anayesa kukonza. Tsiku lina anandiitana titaweruka, poti ine Chingerezi ndinkachitako bwino. Anatulutsa kabuku ndi pensulo, nandipempha kuti ndiwaphunzitse moni woyenera kupereka kwa akuluakulu, chifukwa kunagwa maliro m'mudzi woyandikana ndi sukulu ndipo ankafuna kukapepesa. A Wapampando, apa ndi pamene ndinachimwa. Anzanga awiri anali pawindo akundikodola. Ndinafuna kuti madzulo ake ndikhale ndi nkhani yoseketsa ku hositelo. Ndinawalembera kuti akafika pamaso pa amfumu akanene kuti, "Iwe mdala, uli bwanji?" Anawabwereza kangapo mpaka anawaloweza, nandithokoza.

Anapitadi. Anaima chilili pakati pa anthu okhala pansi, manja ali m'thumba, nalankhula mawu aja mokweza ndi nkhope yachifundo. Pabwalo panagwa bata. Kenaka achinyamata anaphulika kuseka, pamaliro. Amfumu, poti anali munthu wanzeru, anangoyankha mwaulemu, nawalozera pokhala. Koma Bambo a Sayansi anaona nkhope za anthu, ndipo madzulo ake wina anawamasulira zimene ananena. M'mawa mwake analowa m'kalasi, anandiyang'ana kamodzi, osanena kanthu. Sanandipatse chibalo, sanakandinenere ku ofesi. Kabuku kaja sindinakaonenso. Kuyambira tsiku limenelo sanayesenso liwu limodzi la chilankhulo chathu. Akaweruka ankadzitsekera m'nyumba. Teremu yachiwiri itatha anakwera sitima kuti akukapuma kumtunda, ndipo sanabwerenso.

Mtengo wa nthabwala yanga tinaulipira tonse. Tinafika pa mayeso a MSCE mu 1998 silabasi ya sayansi tisanaimalize. Ine ndinkafuna kudzakhala dokotala, kuti ndidzagwire ntchito pa chipatala chathu chomwechi. Sayansi sindinakhoze mokwanira. Ndinapita ku Chancellor College kukaphunzira za kayendetsedwe ka ntchito za boma, ndipo sindidandaula, ndimadya ndi ana anga. Koma panali anzanga ena anzeru kuposa ine amene njira yawo inatsekekera pomwepo. Ena mwa iwo muli nawo m'holo muno. Sindikunena kuti ine ndekha ndinachotsa bambo aja. Panali kusungulumwa, matenda, ndi mtima wawo womwe. Koma tsiku limene anatambasula dzanja, amene analimenya ndine. Kwa inu a kalasi imeneyo, ndikupepesa.

Tsopano imvani za wachiwiri. Mu Januwale 1998 kunabwera mayi wachitsikana wodzaphunzitsa masamu, nayenso wochokera kunja. Sitima yomweyo, mvula yomweyo, nyumba yomweyo, mileme yomweyo, ana asukulu omwewo. Tinayamba kale kubetcherana kuti atha miyezi ingati. Koma panali chinthu chimodzi chosiyana. Pafupi ndi nyumbayo pankakhala gogo wina, mkazi wa bambo amene ankatiphikira kusukulu. Gogoyu sanapite patali ndi sukulu, Chingerezi sankadziwa, koma zimene zinachitika chaka chapitacho zinamupweteka mtima. M'mawa woyamba anafika pakhomo ndi chitenje ndi mbale ya usipa. Anamuveka mlendoyo chitenje, namugwira dzanja, nayenda naye khomo ndi khomo. Pakhomo lililonse ankamugwaditsa pang'ono, n'kumuuza mawu oti anene, n'kumubwerezetsa mpaka atakhoza.

Tsiku ndi tsiku Mayi a Masamu akaweruka ankapita kukakhala pa mphasa kwa gogo uja. Anaphunzira kuviika chinangwa, kuchiyanika, kusinja, ndi kuphika kondowole. Poyamba ankavutika kumeza, koma sanakane. Anaphunzira kusiyanitsa usipa ndi utaka. Nkhungu zitatuluka pa nyanja ngati utsi, analawa, natiuza moona mtima kuti zimenezo zokha zawakanika, ndipo tinaseka nawo limodzi, osati kuwaseka. Anaphunzira kuti mwera ukayamba mu Meyi ulendo wa pa boti suchitika mwachisawawa. Kutagwa maliro, gogo anawatenga, nakagona nawo pa siwa pakati pa amayi usiku wonse. M'mawa mwake mbiri ija inayendanso chilumba chonse, koma tsopano inali yakuti mwana wa gogo uja ali ndi khalidwe. Banja lija linawapatsa mfunda wawo, ndipo ndi dzina limenelo limene ankadziwika nalo kumsika.

M'kalasi namo munasintha. Poti anali ataphunzira kwa gogo mmene lilime limavutira, ankalankhula pang'onopang'ono. Sankafunsa kuti mwamva? Ankaitana mmodzi kuti akawerengetse samu pa bolodi, ndipo pamenepo zinkaoneka zokha ngati tamva. Akalakwitsa Chichewa tinkawakonza, iwo n'kuthokoza. Motero ifenso tinasiya kuchita manyazi polakwitsa masamu pamaso pawo. Anatenga zitsanzo za kuno: kugawana ndalama za nsomba pakati pa mwini chilimira ndi alovi ake, kuyeza kutalika kwa nsanja za tchalitchi pogwiritsa ntchito mthunzi. Tchalitchi chija, chimene mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1903 ndipo chinapatulidwa mu 1911, tinkachiona tsiku lililonse, koma sitinkadziwa kuti muli masamu. Mayiwa anatha zaka zawo ziwiri, napempha kuwonjezera chachitatu. Tsiku lochoka, amayi a chioda anawaperekeza mpaka pagombe.

Musaganize kuti mayiwa sanavutike. Anadwala malungo nawonso. Analira, gogo anatiuza pambuyo pake, makamaka pa Khirisimasi yoyamba. Panali zinthu zathu zina zimene sanagwirizane nazo mpaka anachoka, monga kukwapula ana, ndipo ankanena poyera. Koma poti anali atakhala wathu, tinkawamvera ngakhale potidzudzula. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. N'zoona. Koma kalumoko sikameta munthu amene sanakhale pansi kuti ametedwe, ndipo palibe amene amapereka mutu wake kwa munthu amene sadziwa n'komwe moni.

Zonsezi sindinazimvetse bwino mpaka pamene zinandigwera ine mwini. Mu 2012 boma linanditumiza kukaphunzira chaka chimodzi m'dziko lina lozizira la ku Ulaya. Ndinafika ndili bambo wa ana awiri, wa digiri yanga, wa ofesi yanga. Sabata yoyamba ndinapereka moni kwa munthu aliyense amene ndinakumana naye pa masitepe a nyumba imene ndinkakhala, ndipo ena ankandiyang'ana ngati ndikufuna kuwapempha ndalama. Dzuwa linkalowa nthawi imene kuno ana amakhala akusewera mpira. Ndinkaphika nsima ndekha, kudya ndekha, kutsuka mbale imodzi. Pa masabata amenewo ndinakumbukira Bambo a Sayansi kuposa mmene ndinawakumbukirira zaka khumi ndi zisanu zonse. Ndinapulumukira kwa bambo wina wokalamba woyandikana naye chipinda, amene anandiphunzitsa kukwera basi, kugula malaya oyenera chisanu, ndi kudziwa nthawi imene anthu a kumeneko akunena zoona ndi imene akungochita ulemu. Akanafuna kundinamiza monga ndinachitira ine, ndikanamukhulupirira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono chimene ndaphunzira ndi ichi. Mphunzitsi wachilendo amafika ndi satifiketi, koma pa zinthu za moyo wa pamalopo amafika ali mwana wa Sitandade 1. Sadziwa moni, sadziwa mtengo wa nsomba, sadziwa kuti pa maliro amakhala pati, sadziwa kuti ana akati inde akutanthauzanji. Amene amakhazikika ndi amene wavomera kukhala wophunzira, ndipo wapeza womuphunzitsa wokhulupirika. Mbali yoyamba ndi yake. Yachiwiri ndi yathu. Ndipo mbali yathuyo sitingaisiyire a Mphunzitsi Wamkulu okha, amene ali kale ndi ntchito yodzadza manja.

Masiku ano zinthu zina zapepuka. Mphunzitsi akubwerayu adzatha kulankhula ndi amayi ake pa foni madzulo alionse, n'kumaonana nkhope. Koma ndikuchenjezeni kuti foniyo ikhoza kukhala chitseko china chodzitsekera. Munthu akhoza kukhala pa Likoma zaka ziwiri thupi lokha, mtima uli pa WhatsApp. Chilumba chathu ndi cha Chizumulu pamodzi zinali ndi anthu oposa 14,000 pa kalembera wa 2018, koma munthu akhoza kusungulumwa pakati pa anthu onsewo ngati palibe mmodzi wogogoda pakhomo pake.

Choncho, A Wapampando, ndili ndi mapempho amene ndikufuna msonkhano uno uwaganizire tisanabalalike. Loyamba ndi la nyumba. Dzulo ndinakaiona, ndipo malata ena ndi omwe aja a 1997. Tisonkhe, tikhome malata atsopano, titseke mipata ya mileme, tiike neti yoteteza udzudzu, mlendo asanafike. Ine ndapereka kale gawo langa kwa msungichuma, ndipo ndikupempha a kalasi ya 1998 kuti titsogolere.

Lachiwiri, tsiku lofika pakhale anthu pagombe, nthawi iliyonse imene sitima idzafike, ngakhale pakati pa usiku. Pakhale wa kusukulu, wa bungwe lathu ndi wa kumudzi. Munthu saiwala amene anamulandira katundu tsiku loyamba.

Lachitatu ndikupempha mafumu athu. Tisankhireni banja limodzi lodziwika ndi khalidwe, loti likhale kwawo kwa mlendoyu: lomuyendetsa m'mudzi, lomuuza za maliro ndi maukwati, lomudzudzula mwachikondi akalakwa. Gogo uja anatisiya kale, Mulungu ause mzimu wake, koma sindikhulupirira kuti anali yekha wa mtima wotere pa chilumba chino. Pamodzi ndi banjalo, papezeke munthu wamkulu, kapena mphunzitsi wopuma ntchito, woti aziphunzitsa mlendoyu chilankhulo kawiri pa sabata. Ntchito imeneyo isasiyidwe m'manja mwa mnyamata wa Fomu 3 wofuna kuseketsa anzake.

Lachinayi, zimene tichitire wochokera kunjayu tizichitiranso mphunzitsi Mmalawi amene boma lamutumiza kuno kuchokera ku Mulanje, ku Dedza kapena ku Chitipa. Iyenso ndi mlendo. Mwina sanakwerepo boti chibadwire, kondowole sanadyepo, mkazi ndi ana wawasiya kumtunda. Timadandaula kuti aphunzitsi sakhalitsa pa chilumba, amangofika n'kuyamba kulemba makalata opempha kusamutsidwa. Tidzifunse kuti ndi angati amene tinawachingamira pagombe.

Kwa inu ana athu amene mudakali pa sukulu, mawu anga ndi achidule. Mphunzitsi ameneyu adzalankhula modabwitsa. Adzalakwitsa maina anu. Mudzafuna kuseka, ndipo nthawi zina kudzakhala koseketsadi. Koma mukapanda kumva, imikani dzanja munene mwaulemu kuti simunamve. Pamenepo simunachite mwano, mwamuthandiza. Ndipo tsiku lina akadzakuitanani ndi kabuku m'manja kuti mumuphunzitse liwu, mudziwe kuti wakupatsani ulemu waukulu. Muuzeni zoona. Mwaona bambo wa imvi zoyamba ataima pano kupepesa chifukwa cha mawu anayi amene analemba ali ndi zaka 17.

Pomaliza, a Mphunzitsi Wamkulu, ngati nkhani iyi idzasindikizidwe m'kalata ya bungwe lathu, ndikupemphani kuti wina adzamumasulire mlendo wathuyo akadzafika. Adzamve kuti tikumudikira. Adzamvenso pempho lathu kwa iye: apereke moni kwa aliyense panjira, alawe chimene wapatsidwa, afunse asanaweruze, apite ku maliro, ndipo asathamangire kukonza zonse mwezi woyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tidzachita mbali yathu.

Bambo a Sayansi ndinayesa kuwafufuza pa intaneti kangapo, koma dzina lawo n'lofala kwawoko, sindinawapeze. Kalata yopepesa ndinalemba, ili m'kabati ku ofesi. Poti sindingathe kuitumiza, ndaona kuti malata a nyumba ija ndiwo akhale yankho langa.

A Wapampando, ndalankhula nthawi yaitali, ndipo ndikumva kuti amayi akumaliza kuphika.  Mulungu adalitse sukulu yathu ndi chilumba chathu.